Matepi Atatu a ku Mbulumbuzi

Inu amene mwayesa ichi ndi icho mpaka mwatopa, khalani pansi pang'ono ndikuuzeni za Lameck.

Tsiku limene anam'sudzula, m'chaka cha 1997, Lameck anatuluka m'mudzi wina wa kufupi ndi Milepa atatenga bulangete, khasu ndi njinga yopanda tcheni. Mkazi wake, Nester, anali atamwalira miyezi itatu m'mbuyomo. Nyumba imene anaimanga ndi manja ake inali pamalo a kuchikazi. Munda umene analima zaka zisanu ndi chimodzi unali wa kuchikazi. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Thandie, wa zaka zinayi, nayenso anali wa kuchikazi. Mwambo wathu ndi umenewo. Mkamwini amabwera pamudzi chifukwa cha mkazi, ndipo mkazi akapita, chom'khalitsa pamudzipo chimakhala chatha.

Palibe amene anam'chitira nkhanza. A Fraser, mlongo wake wamkulu wa malemuyo, amene anali mwinimbumba, anayankhula mofatsa. Anam'thokoza chifukwa chodwazika matenda mpaka pamapeto. Anamuuza kuti ndi womasuka kukayamba moyo wina, ndiponso kuti angathe kumabwera kudzaona mwana nthawi iliyonse.

Lameck anapempha chinthu chimodzi chokha: kuti apite ndi Thandie.

"Alamu, mupita naye kuti?" anafunsa a Fraser. "Mukam'goneka pati? Mukam'patsa chiyani?"

Lameck analibe kopita naye. Kwawo ku Magomero mayi ake anali atamwalira kalekale, ndipo kamunda kawo kanali katagawidwa pakati pa alongo ake atatu. Sukulu analekezera sitandade 8 atalephera mayeso kawiri. Anaweramitsa mutu n'kuyamba kukankha njinga yake. Thandie anam'tsatira mpaka pa nsungwi za kumapeto kwa mudzi. Pamenepo mayi ake aang'ono anam'nyamula n'kubwerera naye.

Lameck anafika pa Mbulumbuzi tsiku lotsatira, miyendo itatupa. Sanali kudziwa munthu aliyense. Anakhala pakhonde la kanyumba kena ka mazenera otsekedwa ndi masaka, chifukwa ndi pamene panali mthunzi. Kanyumbako kanali koonetsera kanema. Masiku amenewo, ndale za zipani zambiri zitangoyamba, nyumba zoterezi zinkamera paliponse pamene pali msika. Mwini wake anali Che Halidi, bambo wamfupi wokonda nthabwala, amene kale ankagulitsa nsomba zouma.

Che Halidi anamuyang'ana mlendoyo, anayang'ana njinga yopanda tcheni ija, ndipo sanafunse zambiri. Anam'patsa tsache. Ntchito inali yosesa, kukonza mabenchi, ndi kuthira mafuta m'kajenereta. Malo ogona anali mabenchi omwewo, awiri ophatikiza.

M'kanyumba mmenemo ndi mmene Lameck anakumana ndi matepi atatu amene anasintha moyo wake.

Che Halidi anawagula ku Limbe kwa munthu wa pamsewu. Anali matepi ojambulidwa kuchokera ku matepi ena, opanda dzina, opanda chikuto, ndipo zolemba za kumayambiriro zinali zitadulidwa. Wogulitsayo anangoti ndi nkhani imodzi ya magawo atatu. Che Halidi atafika kunyumba anawatulutsa m'jumbo mmodzimmodzi, n'kuwaika madontho a penti monga mmene anatulukira: dontho limodzi, madontho awiri, madontho atatu. Loweruka lililonse masana ankawaonetsa onse motsatana.

M'tepi ya dontho limodzi, dziko latha. Mizinda yasanduka phulusa, mitsinje yauma, mbalame kulibe. Munthu mmodzi wa ndevu za imvi, wa chipsera patsaya, akukankha ngolo ya zitsulo motsatira njanji imene sitima sizidutsanso. Achifwamba okwera njinga zamoto amam'tchingira njira, iye n'kumenyana nawo ndi sipanala yaitali ngati mkono. Dzina lake palibe amene analimva bwino, choncho anthu a pa Mbulumbuzi anam'tcha Mwendayekha.

M'tepi ya madontho awiri, Mwendayekha wapeza anthu ochepa obisala m'chigwa. Akuwapangira makina otunga madzi pachitsime chakuya, pogwiritsa ntchito migolo yodula pakati, matcheni ndi mapaipi otola. Achifwamba akubwera kudzalanda chitsimecho, ndipo nkhondo yake imatenga theka la tepi.

M'tepi ya madontho atatu muli mitengo yobiriwira. Mwendayekha ali ndi nyumba ya malata ndi galaja, ndipo pali kamtsikana kamene kamam'patsira sipanala akakhala pansi pa galimoto. Pamapeto pake awiriwo akhala pakhonde, akuyang'ana kumwamba kumene kwafiira. Pamenepo tepi inkathera, pagalasi n'kutsala timadontho tothwanima.

Anthu a m'kanemayo ankayankhula Chingerezi chothamanga. Che Halidi ankatsitsa mawu awo, n'kutenga chimkuzamawu chake, n'kumafotokoza yekha m'Chinyanja chosakaniza ndi Chiyao. Chingerezi sankachidziwa kwenikweni, koma maso anali nawo, ndipo pakamwa pake sipankauma. Malinga ndi iye, nkhaniyo inali ya munthu amene anataya zonse, anayenda yekha m'phulusa, anapezera anthu madzi, ndipo pomaliza anam'peza mwana wake amene anasochera pa nthawi ya nkhondo.

Mafunso ankakhalapo. Wina anafunsa chifukwa chake Mwendayekha akuoneka wachinyamata m'tepi yomaliza. Che Halidi anayankha kuti munthu akamadya bwino makwinya amathawa. Wina anafunsa kumene chipsera chija chapita.

"Kwa azungu kuli mafuta ake, achimwene," anatero Che Halidi. "Khalani pansi, mukutchinga anzanu."

Sindikudziwa ngati makanema amenewa anali otchuka kumene anachokera. Pa Mbulumbuzi anali ngati achibale. Anyamata okwezetsa anthu panjinga ankalemba dzina la Mwendayekha kumbuyo kwa mpando. Amayi ogulitsa mandasi panja ankadziwa nthawi pongomva phokoso la m'kati: kukamveka mfuu yaikulu, ndiye kuti madzi atuluka pachitsime, ndipo posachedwa anthu atuluka kudzagula. Ndikuganiza kuti chimene chinatikoka n'chakuti kwa nthawi yoyamba tinaona azungu atavala zigamba, akukanganirana chitini cha madzi, akumanga zinthu ndi waya ngati ife. M'makanema ena tinkaona chuma chimene sitidzachigwira. M'menemu tinkaona anthu opanda kanthu amene sanagone pansi.

Ndanena kuti "ife" chifukwa nanenso ndinkakhalamo. Ndinali mphunzitsi pasukulu ina ya pulaimale chapafupi. Ndinali nditaika mkazi wanga chaka chomwecho chimene Lameck anabwera, ndipo Loweruka masana nyumba inkandikulira. Ndinkakhala benchi ya kumbuyo, pafupi ndi pamene Lameck ankaima ndi tsache lake.

Ambiri tinkaonera ndewu. Lameck ankaonera zimene zili kumbuyo kwa ndewuzo. Anthu akamakuwa kuti Mwendayekha wagwetsa chigawenga, iye maso ake ankakhala pa gudumu la ngolo, mmene lamangidwira. Anthu akatuluka, ankapempha Che Halidi kuti abweze tepi yachiwiri n'kuiimitsa pamalo pamene makina otunga madzi akuoneka bwino. Ankajambula ndi khala pa katoni. Che Halidi ankadandaula kuti kuimitsa kumadya tepi, ndipo ankanena zoona. Patapita miyezi, malo amenewo anayamba kuoneka mizeremizere yoyera, moti anthu ankati pachitsimepo pakugwa mvula. Koma sanam'kanize ngakhale tsiku limodzi.

Tsiku lina Che Halidi anam'funsa chimene ankafuna kwenikweni m'tepimo.

"Munthu uyu anayambira pamene ndili ine," anatero Lameck. "Ndikufuna ndione njira imene anadzera kuti akafike pakhonde paja."

Anayamba kutola zitsulo. Masipoko oduka, mafelemu a njinga opindika, miyendo ya mabedi, mabawuti adzimbiri, matayala akutha a galimoto, zonse ankaziunjika kuseri kwa kanyumbako. Makina owotcherera zitsulo analibe. Ankaboola ndi msomali, kumanga ndi waya, kukulunga ndi malegeni.

Choyamba chimene anapanga chinali ngolo yokokedwa ndi njinga. Tsiku loiyesa anapakira njerwa. Pa chitsikireko cha kumsika gudumu limodzi linapindika ngati mbale, njerwa zinamwazika, iye anakagwera m'ngalande. Anthu anaseka mpaka kugwira mimba, ndipo kuyambira tsiku limenelo anyamata ankam'kuwiza kuti Mwendayekha wa ku Mbulumbuzi. Iye anatola njerwazo imodziimodzi. Anazindikira kuti gudumu la njinga silipirira katundu wolemera likakhala lokha, choncho anaphatikiza awiri mbali iliyonse. Ngolo yachiwiri inayenda. Nyengo ya nandolo itafika, alimi anayamba kum'funa kuti awanyamulire matumba kupita nawo kumsewu.

Pofika 1999 anali ndi kashedi ka udzu pansi pa mtengo wa mango, pamene ankakonzera njinga. Koma mtima wake unali pa makina a madzi aja. Anadula mgolo pakati, anauimika pamtengo wautali kuti uzizungulira ndi mphepo, monga anaonera m'tepi. Unazungulira bwino masiku awiri. Tsiku lachitatu mphepo ya mwera inauzula n'kukauponya pa bafa ya Che Halidi. Mwamwayi munalibe munthu. Che Halidi anati m'kanema muja zimenezi sanazionetse.

Lameck anaphunzirapo kanthu. Anati mphepo siuzidwa zochita, koma miyendo imauzidwa. Anasiya migolo n'kuyamba kuganiza za pampu yopalasa: felemu ya njinga yozikika pansi, gudumu lokoka chingwe, chingwe chodutsa m'paipi, ndi timphira todulidwa ku tayala, tomangidwa pachingwecho, tokankha madzi kuti akwere. Anapanga yoyamba, chingwe chinaduka. Yachiwiri timphira tinakakamira m'paipi. Yachitatu inazungulira mopepuka, koma madzi onse ankabwerera pansi asanafike pamwamba.

Nthawi yonseyi ankapita ku Milepa kawiri pachaka. Sankapita kawirikawiri chifukwa ankachita manyazi kufika chimanjamanja. Ulendo uliwonse ankapeza Thandie atakula, ndiponso atatalikira. Poyamba mwanayo ankam'thamangira. Kenako ankangoima pakhomo. Kenako ankagwada n'kupereka moni waulemu, ngati mmene mwana woleredwa bwino amachitira ndi mlendo aliyense.

Kenako inafika njala ya 2002. Amene munalipo mukuikumbukira, sindifunika kuifotokoza. Anthu ankakumba zitsa za nthochi. Njinga zobwera kudzakonzetsa zinasowa, chifukwa eni ake anali atazigulitsa. Mwezi wa February Lameck anapeza kathumba ka madeya, anakamanga panjinga n'kupita nako ku Milepa. Anapeza Thandie, tsopano wa zaka zisanu ndi zinayi, ataonda, tsitsi litafiira. Mwanayo atamuona anatembenukira m'nyumba n'kuitana mayi ake aang'ono aja.

"Amayi, kwabwera a ku Mbulumbuzi aja."

Lameck anapereka madeyawo, anacheza pang'ono ndi a Fraser, n'kubwerera tsiku lomwelo. Asanachoke anaona dimba la banjalo m'mphepete mwa khwawa. Nthaka inali yabwino, koma a Fraser anati mvula ikangosiya madzi amatsika pansi kwambiri, ndipo chaka chino palibe amene adzakhale ndi mphamvu zokwera ndi kutsika ndi makeni. Chimanga cha kumunda nachonso sichinali kulonjeza kanthu. Lameck anafika pa Mbulumbuzi n'kuyamba pampu yachinayi.

Apa ndi pamene ine ndinalakwitsa.

Loweruka lina Che Halidi anadwala zilonda za kukhosi, mawu osatuluka. Anthu anali ochepa, koma anati kanema aonetsedwe ndithu. Popeza sakanatha kufotokoza, anakweza mawu a m'tepimo. Kwa nthawi yoyamba m'zaka zisanu, ndinamva zimene Mwendayekha ankanena. M'tepi yachiwiri, atakhala pafupi ndi chitsime, anauza mayi wina kuti kale anali ndi nyumba ndi mwana wamkazi, ndipo onse anapita tsiku limene moto unagwa kuchokera kumwamba.

Ndinamvetsa zonse nthawi yomweyo. Matepi aja tinkawaonera chobwerera. Ya madontho atatu ndiyo inali yoyamba, ndipo inali yoduka isanathe. Nkhani yeniyeni inkayambira pakhonde n'kukathera m'phulusa.

Aphunzitsi tili ndi matenda amodzi. Tikaona cholakwika, dzanja limayabwa kufuna kuchonga. Ndinatuluka n'kupita kushedi kwa Lameck, amene tsiku limenelo sanalowe m'kanema chifukwa ankadula timphira ta pampu yake. Ndinam'fotokozera zonse mwadongosolo, ndikumva kukoma ngati munthu amene wapeza yankho la samu yovuta.

Anandimvetsera mpaka ndinamaliza. Mpeni unali m'manja.

"Ndiye mwana uja?" anafunsa.

Ndinati anafa kumayambiriro kwa nkhani.

"Nanga kufiira kuja, akuyang'ana ali pakhonde?"

Ndinati silinali dzuwa. Unali moto.

Anaika mpeni pansi, anathokoza, n'kuyamba kulongedza zitsulo zake. M'mawa mwake shedi sinatsegulidwe. Tsiku lachiwiri chimodzimodzi. Anthu anati akungokhala m'kachipinda kamene ankagona masiku amenewo, sakudya ngakhale zochepa zimene zinalipo.

Tsiku lachitatu Che Halidi anabwera kunyumba kwanga. Anakana mpando. Mawu anali asanabwerere bwino, choncho ankayankhula monong'ona, koma ndinamva lililonse.

"Aphunzitsi, Chingerezi chanucho chadyetsa ndani?"

Ndinayesa kudziteteza. Ndinati ndangonena zoona, ndipo iwonso ayenera kudziwa kuti akhala akusokoneza matepi zaka zonsezi.

"Mukuganiza kuti sindinkadziwa?" anatero. "Ndevu za imvi sizida, aphunzitsi. Ndinazindikira mwezi wachiwiri. Koma ndinayang'ana anthu amene amakhala pamabenchi anga. Uyu waika mkazi, uyu waika mwana, uyu mawa akaika mchimwene wake. Maliro ali nawo okwanira. Ndiwaonetsenso ena?"

Iwo anatuluka osatsanzika.

Ndinadikira masiku ena awiri, chifukwa kupepesa si ntchito imene ndinaizolowera. Tsiku lachisanu ndinapita. Ndili chapatali ndinamva kugogoda kwa hamala. Shedi inali yotsegula. Lameck anali atakhala pansi, akunola mlomo wa kapaipi kachitsulo pamwala.

Ndinayamba kupepesa, koma anandidula mwaulemu.

"Aphunzitsi, inu munamva Chingerezi chonse. Tandiuzani. Pachitsime paja madzi anatuluka, kapena Che Halidi anatinamizanso?"

Ndinati anatuluka ndithu.

"Basi. Ndakhala ndikuganiza masiku onsewa. Kaya muyambire kuno, kaya muyambire uko, pampu ili pakati." Anayesa kuthwa kwa kapaipiko ndi chala. "Iye anayambira pakhonde n'kupita kuphulusa. Ine phulusa ndadutsamo kale. Ndiye ine nditsata madontho a Che Halidi."

Kenako anandionetsa chimene anatulukira pa masiku amene anadzitsekera aja. Vuto lalikulu la mapampu ake linali timphira. Ankatidula ndi mpeni, choncho tina tinkakula n'kukakamira, tina tinkachepa n'kutaya madzi. Tsopano anaika kapaipi konola kaja pa chidutswa cha tayala, anamenya ndi hamala kamodzi, ndipo kamphira kanatuluka kozungulira bwino. Anamenyanso. Kachiwiri kanali kofanana ndendende ndi koyamba.

Mwezi wa May, mvula itasiya, Lameck anapakira pampu m'ngolo yake n'kuyamba ulendo wa ku Milepa. Anayenda tsiku lathunthu, malo ambiri akukankha. Zimene zinachitika kumeneko anandifotokozera a Fraser eni ake patapita zaka.

Anati atamuona akutsitsa zitsulo pafupi ndi chitsime cha m'dimba, anaganiza kuti njala yawasokoneza mutu alamu awo. Zokolola za chaka chimenecho zinali zochepa, zoti sizifika ngakhale mwezi wa August, ndipo munthu uyu wabwera ndi njinga yopanda matayala.

"Alamu, njinga imeneyi ikafika kuti?" anafunsa.

"Siipita kulikonse. Ayende ndi madzi."

Anazika felemu, anatsitsa paipi m'chitsime, analowetsa chingwe. Anthu a m'mudzi anaima chapatali, manja kumbuyo. Ntchito inatenga m'mawa wonse. Nthawi ina Lameck anagona chagada pansi pa felemu kuti amange bawuti, ndipo anatambasula dzanja kufufuza sipanala pamene anaisiya. Sanaipeze pansi. Inafika yokha m'dzanja lake. Atatembenuza mutu anaona Thandie atanjuta pambali pake, atagwira kale hamala, kudikira ngati ifunikanso.

Lameck anabweza maso pafelemu. Anamanga bawutiyo.

Atakwera n'kuyamba kupalasa, chingwe chinaterereka pagudumu. Wina anaseka. Lameck anatsika, anakulunga gudumulo ndi malegeni, anakweranso. Paipi inayamba kulira ngati munthu wa chifuwa. Kenako inalavula matope. Kenako madzi anatuluka, odzaza paipi, n'kuyamba kuyenderera mumzere woyamba wa dimba.

Thandie anataya hamala n'kuthamangira kumudzi. Mawu ake ankamveka mpaka kukhwawa.

"Bwerani mudzaone! Ababa atulutsa madzi!"

A Fraser anati pamenepo miyendo ya Lameck inaima yokha, ndipo madzi analeka. Anakhala pachishalo atagwira mahandulo, akuyang'ana njira imene mwana anadzera. A Fraser anam'patsa kanthawi, kenako anayandikira.

"Palasani, alamu. Madzi akubwerera."

Lameck anakhala kumeneko milungu itatu, akuphunzitsa amayi ndi ana mmene angasinthire timphira ndi kulumikiza chingwe. Kupalasa kunali kopepuka, moti ngakhale munthu wofooka ndi njala ankatha kuthirira mizere ingapo asanapume. Anadzala chimanga, mpiru ndi maungu. Mwezi wa September, pamene nkhokwe zambiri zinali zitayera, banja la a Fraser linkathyola mondokwa. A m'midzi yoyandikana anabwera kudzaona, ndipo ambiri anafunsa njira ya ku Mbulumbuzi. Ena ankabwera ndi mafelemu awo akale pamutu.

Sindinena kuti kuyambira pamenepo zonse zinayenda bwino. Mapampu ena ankabwerera atathyoka. Zingwe zabwino zinkasowa. Koma shedi ya udzu ija inasanduka ya malata, ndipo kuseri kwake Lameck anamanga nyumba ya zipinda ziwiri, ngakhale ankakhala yekha. Anthu akam'funsa za chipinda chachiwiricho, ankangoti n'chosungiramo zitsulo. Koma sanaikemo chitsulo ngakhale chimodzi.

Kumapeto kwa chaka chimenecho a Fraser anafika pa Mbulumbuzi. Anayendera nyumbayo, anasuzumira m'chipinda chopanda kanthu chija, n'kukhala pansi. Anati tsiku lija anam'funsa mafunso atatu, ndipo aona kuti onse ayankhidwa. Anati anakambirana ndi alongo awo, ndipo agwirizana kuti Thandie azidzaphunzira sukulu kuno, patchuthi azipita kwawo kwa amayi ake.

"Mbumba ndi yathu, zimenezo sizisintha," anatero a Fraser. "Koma mwanayu akumangofunsa za masipanala. Kwathu kulibe."

Thandie anafika mu January 2003, atanyamula kajumbo ka zovala. Loweruka loyamba bambo ake anam'tengera kwa Che Halidi. Anakhala benchi ya kutsogolo. Ine ndinali pamalo anga a kumbuyo, pakamwa nditatseka. Anaonera phulusa, anaonera chitsime ndi mizere yake yoyera, anaonera mitengo yobiriwira. Atafika pamene Mwendayekha ndi kamtsikana kaja akhala pakhonde, tepi inatha monga mwa nthawi zonse, pagalasi n'kutsala timadontho.

Thandie anadikira pang'ono, kenako anakoka malaya a bambo ake.

"Ababa, ndiye kenako?"

"Kenako tizipita kunyumba," anatero Lameck.

Pamene ndikulemba izi papita zaka zisanu. Lameck ali ndi makina owotcherera zitsulo ndipo walemba anthu ntchito. Mapampu ake mungawapeze m'madimba a midzi yambiri ya kuno kwathu. Thandie ali ku sekondale, ndipo patchuthi, asanapite ku Milepa, amathandiza kumenya timphira. Matepi aja anatha ntchito. Che Halidi anagula makanema omwewo pa zimbale, ndipo zimbalezo zinabwera ndi manambala olembedwa bwinobwino. Iwo anamata mapepala pa manambalawo n'kuikapo madontho awo a penti. Chimbale cha madontho atatu amachizimitsa okha pamalo amene tepi inkathera.

Sindinakuuzeni nkhaniyi kuti muzikhulupirira zabodza. Lameck choonadi anachimva, kwa ine, ndipo chinam'gwetsa masiku anayi. Chimene anachita n'chakuti anafufuza m'nkhani yogumukayo chimene chinali chidakali chilili, n'kuchigwira ndi manja awiri.

Mwina inunso lero mwatuluka m'mudzi ndi bulangete lokha. Mwina mwalephera mayeso, mwaika munthu amene munkam'dalira, kapena mwana wanu akukupatsani moni ngati mlendo. Mwina wina wophunzira wakuuzani kale mmene nkhani ngati yanu imathera. Mumveni, koma musatseke shedi mpaka kalekale. Yang'anani chimene chili pakati, chimene manja anu angapange ndi zimene ena ataya. Gudumu likapindika, phatikizani awiri. Mphepo ikakana, yesani miyendo.

Ngati muli m'phulusa, palibe amene angakuletseni kunena kuti iyi ndi tepi yoyamba. Osataya mtima. Palasani, madzi asabwerere.